Mmene mungayesere ndi kusamalira low water cutoff ndi feeder pa boyila ya nthunzi ku New York

Mu mzinda wa New York nyengo yotenthetsa nyumba imayamba pa 1 Okutobala ndi kutha pa 31 Meyi. Lamulo la mzindawu limati masana, kunja kukazizira kutsika pa madigiri 55 a Fahrenheit, m'nyumba za lendi musatsike pa madigiri 68, ndipo usiku musatsike pa 62. Ndiye kuti pansi pa nyumba zakale za ku Bronx, Brooklyn ndi kumtunda kwa Manhattan, boyila zimayaka kwa miyezi isanu ndi itatu, nthawi zambiri popanda munthu woziyang'anira pafupi. Ine ndagwira ntchito m'zipinda zoterezi kwa zaka zingapo, poyamba ndikuthandizira super, yemwe ndi woyang'anira nyumba ya lendi, kenako ndekha. Ndikulembera inu amene mwapatsidwa makiyi a chipinda cha boyila koma palibe amene wakukhazikani pansi n'kukuuzani ntchito ya zipangizo ziwiri zomwe zili pafupi ndi galasi la madzi, loonetsa mlingo wa madzi mu boyila.

Choyamba amachitcha low water cutoff, amisiri amangoti cutoff. Madzi akatsika mu boyila, chimazimitsa moto. Chachiwiri ndi feeder, chomwe chimathira madzi a m'mpopi mu boyila akachepa. Anthu ambiri amaziona ngati mapasa, koma pamaso pa lamulo n'zosiyana. Cutoff ndi yokakamiza. Feeder, m'malamulo omwe nditchule pano, amangoti ngati yaikidwa, iikidwe motere. Ndipo mwa ziwirizi, yomwe ndaiona ikuwonongetsa boyila mwakachetechete ndi feeder, chifukwa imachititsa munthu kusiya kutsikira pansi.

Amene munagwirapo pa boyila za nkhuni m'mafakitale a tiyi ku Thyolo kapena ku Mulanje mukudziwa kuti kumeneko pamakhala munthu woyang'ana galasi shifiti yonse. Kuno maso amenewo anawapereka kwa kachipangizo kachitsulo, ndipo ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti kachipangizoko sikanachite khungu.

Choyamba, dziwani boyila yanu ndi lamulo lomwe limaikhudza

Tengani tochi, pezani kachitsulo kolembedwa komwe fakitale inakhomera pa boyila, ndipo lembani zinthu zitatu: ngati ndi ya nthunzi kapena ya madzi otentha, presha yokwera kwambiri yomwe imaloledwa, ndi kuchuluka kwa moto womwe imalandira, wolembedwa mu Btu (muyezo wa kutentha) pa ola.

Boyila yotenthetsera nyumba imapangidwa motsatira gawo lachinayi la buku la malamulo la ASME, bungwe la mainjiniya la ku America, lomwe amisiri amalitcha Section IV. Gawoli limakhudza boyila za nthunzi zosapitirira 15 psi (muyezo wa presha), ndi za madzi otentha zosapitirira 160 psi kapena madigiri 250 a Fahrenheit. Bukuli silinabadwe chifukwa chokonda mapepala. Pa 20 Malichi 1905 boyila inaphulika pa fakitale ya nsapato ya Grover ku Brockton, m'boma la Massachusetts, n'kupha anthu 58. Bomalo linakhazikitsa malamulo ake a boyila mu 1907, ndipo buku loyamba la ASME, lotchedwa la 1914, linatsatira.

Section IV imati boyila iliyonse ya nthunzi yodziyatsa yokha ikhale ndi cutoff yozimitsa moto madzi akafika pansi penipeni pa gawo looneka la galasi. Pa boyila za madzi otentha imafuna cutoff ngati moto wake ukupitirira 400,000 Btu pa ola. Koma musathamangire kunena kuti yanu ndi yaing'ono ndiye ilibe mlandu. Buku lina, International Mechanical Code, pa ndime 1007, limati boyila za nthunzi ndi za madzi otentha zitetezedwe ndi cutoff, osatchula kukula kwake. Limangopatula boyila zomwe madzi amayendetsedwa mokakamiza ndi pampu m'timapaipi, ngati zili ndi chipangizo chozindikira kuti madzi asiya kuyenda. Palinso lachitatu, ASME CSD-1, la zipangizo zachitetezo pa boyila zodziyatsa zokha zomwe moto wake sufika 12,500,000 Btu pa ola. Zofika pamenepo ndi kupitirira zimagwera m'buku linanso lotchedwa NFPA 85.

Mabuku onsewa amakhala lamulo pokhapokha boma kapena mzinda utawatenga, ndipo mzinda umatha kuwonjezera kapena kusintha zina. Mzinda wa New York uli ndi buku lakelake, ndipo boyila za m'nyumba zokhala mabanja asanu ndi limodzi kapena kuposerapo zimayenera kuyenderedwa chaka chilichonse, lipoti lake n'kupita ku Department of Buildings, ofesi ya mzindawu yoona za nyumba. Choncho mukamva amisiri awiri akukangana, wina akuti cutoff imodzi yakwana, wina akuti ziwiri, mwina onse akunena zoona, koma aliyense akuwerenga buku lake. Wothetsa mkanganowo ndi ofesi yoona za nyumba ya komwe muliko, pamodzi ndi buku la fakitale yomwe inapanga boyilayo.

Chachiwiri, galasi la madzi

Musanakhudze cutoff kapena feeder, onetsetsani kuti galasi likunena zoona, chifukwa mayeso onse otsatirawa mudzawawerenga pa galasilo. Lamulo limati pansi pa gawo looneka la galasi pakhale pamwamba ndi inchi imodzi kapena kuposerapo kuchokera pa mlingo wotsikitsitsa womwe fakitale imaloleza. Tanthauzo lake ndi lakuti malinga mukuona madzi m'galasi, chitsulo chomwe chikuotchedwa ndi moto chikadali chomira.

Mavalavu awiri a galasi, wapamwamba ndi wapansi, akhale otsegula. Tsegulani kampopi kapansi pa galasi pang'ono, madzi atuluke, mutseke, muone ngati madzi akubwerera msangamsanga pomwe anali. Akamakwera mwaulesi, njira yapansi yayamba kutsekeka ndi matope. Moto ukuyaka, madzi m'galasi amagwedezeka pang'ono. Mukawaona ali zii osasuntha pamene boyila ikuwira, musawakhulupirire. Boyila ikazizira ndipo madzi onse abwerera kuchokera m'mwamba, lembani mzere pa chitsulo kuseri kwa galasi posonyeza mlingo woyenera malinga ndi buku la fakitale. Galasi lakuda ndi dzimbiri lisinthidwe, si lodula.

Pano ndiyenera kunena chinthu chomwe sichingadikire. Tsiku lina mukadzatsikira pansi n'kupeza galasi lilibe madzi, boyila ili yotentha, mwina penti ikununkha kupsa, musathire madzi. Dzanja limathamangira lokha ku valavu, koma ligwireni. Madzi akasanduka nthunzi amafufuma pafupifupi ka 1,700, ndipo madzi ozizira akagwera pa chitsulo chofiira, chitsulocho chimang'ambika, nthawi zina boyila n'kuphulika. Zimitsani moto pa switchi yofiira ya ngozi, yomwe nthawi zambiri imakhala pakhomo la chipindacho kapena pamwamba pa masitepe. Tsekani gasi kapena mafuta ngati mungathe kutero osayandikira kwambiri. Tsekani valavu ya madzi opita ku feeder kuti nayo isathire yokha. Tulukani, itanani mmisiri wachilolezo, ndipo boyilayo izizire yokha. Mukaona utsi kapena moto, imbani 911 muli panja. Alendi adzakuimbirani kudandaula kuzizira, apepeseni, koma musayatse.

Chachitatu, werengani ma cutoff ndipo onani momwe anawalumikizira

Mitundu yake ilipo iwiri. Wina uli ndi choyandama m'kabokosi kachitsulo komwe kali m'mbali mwa boyila. Madzi akatsika, choyandamacho chimatsika n'kudula magetsi opita ku burner, chipangizo chomwe chimayatsa moto wa boyila. Wodziwika kwambiri pa boyila zazing'ono ndi nambala 67 wa kampani ya McDonnell & Miller, ndipo nambala 47-2 ndi feeder ndi cutoff m'thupi limodzi. Mtundu wina uli ndi kandodo kachitsulo, probe, kolowa mu boyila mwenimweni. Magetsi ochepa amadutsa m'madzi kuchokera pa kandodoko kupita ku thupi la boyila, ndipo madzi akachoka njirayo imaduka. Ma Safgard ndi CycleGard a kampani ya Hydrolevel ndi a mtundu umenewu.

Komwe CSD-1 imagwira ntchito, boyila ya nthunzi imafunika ma cutoff awiri, ndipo imodzi ikhoza kukhala yophatikizana ndi feeder. Amapatula boyila za m'nyumba za banja zomwe madzi amabwerera okha popanda pampu, pamenepo imodzi imakwana. Yoyamba imakhala pamwamba pang'ono: imazimitsa moto, madzi akabwerera moto umayakanso wokha. Yachiwiri imakhala pansi pake, ndipo ikazimitsa imatseka mpaka munthu atabwera kudzadina batani la reset. Batanili analiika kuti munthu atsike, aone, afunse chomwe chachitika. Mukapeza kuti latseka, dziwani kuti yoyamba ija yalephera kapena madzi anathawa mwamsanga kwambiri. Kungodina n'kubwerera kukagona ndi kutaya uthenga womwe chipangizocho chakupatsani.

Tsopano tsatirani mapaipi ndi maso. Ngati ma cutoff onse ali kunja kwa boyila, iliyonse ikhale ndi kabokosi kake ndi paipi yakeyake ya pansi pa madzi, ngakhale paipi yakumwamba ya nthunzi atha kugawana. Chifukwa chake n'chosavuta: paipi imodzi ikatsekeka ndi matope, zonse ziwiri zingachite khungu limodzi. Pakati pa boyila ndi cutoff pasakhale valavu yotsekera, chifukwa valavu yotero munthu atha kuitseka n'kuiwala, madzi n'kutsalira m'kabokosi boyila itauma. Pansi pa kabokosi pakhale paipi yoimirira yotayira madzi ndi valavu yosachepera 3/4 ya inchi. Pomwe mapaipi akukhota, amisiri abwino amaika cholumikizira cha njira zinayi chokhala ndi zotsekera, kuti pachaka muzitsegula ndi kutokosa m'kati. Ngati cutoff ili ndi kanthawi kodikira isanazimitse, koteteza kuti moto usamangozimazima madzi akamavinavina, CSD-1 silola kuti kapitirire masekondi 90, kapena nthawi yomwe fakitale yanena ngati ili yocheperapo.

Tsegulaninso chivundikiro cha mawaya, magetsi mutazimitsa, muone ngati palibe kawaya komwe wina anadumphitsa pa cutoff. Ndinakapezapo kamodzi m'nyumba yomwe ndinali nditangoilandira kumene. Wina anatopa ndi kuzimazima kwa moto ndipo anaganiza kuti wakonza. M'nyumbamo munali kugona mabanja oposa makumi awiri.

Chachinayi, yesero la sabata iliyonse

Ili ndi la cutoff ya choyandama, ndipo ndi lomwe anthu amalilakwitsa kwambiri. Ambiri amatsegula valavu moto uli wozima, madzi akuda n'kutuluka, iwo n'kukhutira. Pamenepo mwatsuka, koma simunayese. Yesero lenileni limachitika moto ukuyaka.

Valani magolovesi okhuthala ndi zoteteza maso. Ikani ndowa yachitsulo pansi pa paipi yotayira, osati yapulasitiki, chifukwa madziwo ndi owira. Onani kaye kuti madzi m'galasi ali pa mzere wanu uja. Kwezani thermostat, kachipangizo kotcherera kutentha kwa m'nyumba, kuti burner iyake, ndipo dikirani lawi likhazikike. Imani chammbali, nkhope kutali ndi ndowa, mutsegule valavu yonse.

Mverani. Pakangopita kanthawi kochepa, moto uyenera kuzima valavu ikadali yotsegula. Mumva kuti khethe m'kabokosi, kenako phokoso la burner lileka. Lolani madzi atuluke mpaka ayambe kuyera, nthawi zambiri lita imodzi kapena ziwiri, kenako tsekani. Kabokosi kadzadzanso, choyandama chikwera, moto uyakanso. Onani galasi, ndipo ngati madzi atsika, onjezerani pang'onopang'ono mpaka pa mzere. Siyani boyila iwire kwa kanthawi mukathira madzi atsopano, kuti mpweya womwe uli m'madziwo utuluke usanayambe kudya chitsulo.

Ngati moto sunazime, tsekani valavu, zimitsani pa switchi, ndipo boyilayo isayakenso mpaka cutoff itakonzedwa kapena kusinthidwa. Kumenya kabokosi ndi sipanala kuti choyandama chigwe si kukonza. Chikhoza kugwa lero pamaso panu, n'kukakamiranso Loweruka usiku inu kulibe. Ngati mwatsegula valavu koma madzi akungodontha kapena sakutuluka n'komwe, kabokosi kadzaza matope, ndipo choyandama chakhala pa matopewo ngati pampando. Imeneyonso ndi cutoff yakufa.

Kampani ya McDonnell & Miller imalangiza kuchita izi sabata iliyonse m'nyengo yotenthetsa pa boyila za presha yotsika, ndi tsiku lililonse pa zomwe zimapitirira 15 psi. Boyila ikakhala yatsopano kapena mapaipi angokonzedwa kumene, zinyalala zimachuluka, ndiye chitani pafupipafupi m'masiku oyambawo. Sankhani tsiku limodzi la m'kati mwa sabata, m'mawa, pamene masitolo a zipangizo ali otsegula, kuti chikalephera mupeze china tsiku lomwelo. Lembani m'kope lomwe limakhala m'chipindamo: tsiku, ngati moto unazima, mtundu wa madzi omwe anatuluka.

Cutoff ya probe ilibe kabokosi kotsuka. Ambiri ali ndi batani loyesera, ndipo ndi bwino kulidina moto ukuyaka n'kuona kuti ukuzima. Koma batanilo limatsimikizira za magetsi a m'bokosi, silikuuzani ngati kandodo komwe kali m'madzi kakutidwa ndi zokanirira. Mdani wina wa probe ndi thovu. Madzi a mu boyila akakhala ndi mafuta, monga zimachitikira mapaipi atsopano akangoikidwa, amachita thovu, ndipo thovulo limanyowetsa kandodo ngakhale madzi enieni atatsika. N'chifukwa chake CycleGard imazimitsa moto kwa kanthawi pakapita mphindi zingapo, kuti thovu likhazikike ione mlingo weniweni. Mukaiona ikuchita zimenezi, sinawonongeke. Njira yothetsera thovu ndi kuyengula mafutawo pamwamba pa madzi kudzera pa bowo lomwe fakitale inasiyira ntchito imeneyi.

Chachisanu, yesero lotsitsa madzi pang'onopang'ono

Mukatsegula valavu yotsukira, madzi amathawa m'kabokosi mwamphamvu n'kukokera choyandama pansi. Koma pa ngozi yeniyeni madzi satsika choncho. Amatsika pang'onopang'ono, ndipo choyandama cholimba m'mfundo zake chikhoza kupambana yesero la sabata n'kulephera pa tsiku lofunika. Choncho kamodzi pachaka, nyengo isanayambe, chitani yesero ili muli ndi mmisiri wachilolezo.

Tsekani madzi opita ku feeder, ndipo ngati pali pampu yobwezera madzi, izimitseni. Yatsani moto. Mmodzi atsegule pang'ono valavu yapansi pa boyila, winayo aime maso ali pa galasi, dzanja lili pa switchi. Madzi azitsika mwa pang'onopang'ono. Moto uyenera kuzima madzi akadaonekabe m'galasi. Akafika pansi pa galasi moto ukadayaka, wa pa switchiyo azimitse nthawi yomweyo, osadikira kuti mwina izima, ndipo cutoff imeneyo yalephera. Yesero lomweli ndi lomwe limayesa probe moona.

Kuyesa cutoff yachiwiri kumafuna kuti yoyamba ilambalalidwe kwa mphindi zochepa, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiriyo, osati yanu. Chanu ndi kuonetsetsa ndi maso anu kuti wachotsa kawaya kake asanachoke, kuti moto sunayakenso wokha mpaka batani la reset litadinidwa, komanso kuti valavu ya feeder yatsegulidwanso.

Chachisanu ndi chimodzi, feeder

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Madzi atsopano aliwonse omwe alowa mu boyila amabwera ndi mpweya womwe umadya chitsulo, komanso mchere womwe umatsalira pansi madzi akauluka. Boyila ya nthunzi yabwino imagwiritsa ntchito madzi omwewo mobwerezabwereza: amawira, amakwera, amazizira m'ma radiator (zitsulo zotenthetsera zipinda), amabwerera. Imafuna madzi atsopano ochepa kwambiri. Feeder ikamagwira ntchito kawirikawiri, madzi akutayika penapake.

Nyumba ina yomwe ndinkasamalira inali ndi paipi yobwezera madzi yokwiriridwa pansi pa simenti. Inabooka, madzi n'kumalowerera m'nthaka osaonekera pamwamba. Feeder inkathira mokhulupirika, galasi linkaoneka bwino tsiku lililonse, moto sunazimepo. Panalibe mita ya madzi, ndiye panalibe chotiuza kanthu. M'mwezi wa Januwale, m'mawa wozizira kwambiri, ndili pamsewu ndinaona mtambo woyera ukutuluka pa chumuni chathu mochuluka kuposa pa nyumba zoyandikana. Inali nthunzi. Chitsulo cha boyila chinali chitadyeka n'kubooka pamwamba pa mzere wa madzi. Alendi, ena okalamba, ena a makanda, anakhala masiku angapo akudalira timbaula tamagetsi. Zinandipweteka, ndipo kuyambira pamenepo sindilandira feeder yopanda chowerengera madzi.

Choncho yambani ndi mita. Ikani mita ya madzi pa paipi yolowa, pamalo pomwe iwerenge madzi odutsa mu feeder ndi odutsa pa valavu yothirira pamanja. Feeder ya VXT ya Hydrolevel ili ndi manambala osonyeza magaloni omwe yathira, koma sidziwa za madzi omwe mwathira pamanja molambalala. Lembani nambala ya mita sabata iliyonse m'kope lomwe lija, ndipo yerekezani ndi malire omwe buku la boyila yanu limapereka. Nambala ikayamba kuthamanga, fufuzani: timavalavu totulutsa mpweya pa ma radiator tomwe tikufoka nthunzi, mavalavu a ma radiator odontha, mapaipi okwiriridwa, ndi chumuni.

Za kalumikizidwe, malamulo amanena izi. Feeder isathire madzi mu boyila kudzera m'kabokosi ka choyandama. Madzi asalowere pa mabowo a galasi kapena a mzati wa madzi womwe galasi limakhalapo, chifukwa angakusonyezeni mlingo wabodza. Asagwere mwachindunji pa chitsulo chomwe chikuwombedwa ndi lawi. Malo abwino ndi pa paipi yobwezera madzi, pomwe ozizira amasakanikirana ndi ofunda asanalowe. Pafupi ndi boyila pakhale valavu yololeza madzi kupita mbali imodzi yokha, ndi valavu yotsekera pakati pa iyo ndi boyila. Ndipo popeza paipiyi imachokera ku madzi akumwa, International Plumbing Code imafuna chotchinga kuti madzi a mu boyila asabwerere ku mipopi ya anthu: cha muyezo wa ASSE 1012 ngati mu boyila simuthiridwa mankhwala, ndipo ngati mumathiridwa, cha ASSE 1013 kapena mpata wa mpweya wolekanitsiratu mapaipi awiriwo. Feeder ikhalenso ndi kasefa kutsogolo kwake ndi njira yolambalala yothirira pamanja, yomwe valavu yake imakhala yotseka nthawi zonse.

Vuto lina la feeder ndi kusefukiza boyila. Moto ukangoyaka, madzi ambiri amakwera ngati nthunzi, ndipo m'nyumba yaikulu kapena ya mapaipi otsekeka amachedwa kubwerera. Feeder yopupuluma imaona kuti madzi achepa, n'kuthira. Kenako aja anapita aja amabwerera, galasi n'kudzaza mpaka pamwamba, mapaipi n'kuyamba kugunda ngati wina akuwamenya ndi nyundo, madzi n'kumalavuka pa ma radiator a m'nyumba zapansi. Ma feeder amagetsi ambiri ali ndi potchera mphindi zodikira asanathire ndi kuchuluka kwa madzi othira ulendo umodzi. Yezani nthawi yomwe madzi amatenga kubwerera moto ukazima, mutchere molingana ndi nthawiyo. Koma ngati akuchedwa kwambiri, tsukani mapaipi obwezera, musangowonjezera mphindi.

Boyila ikamasefukira ngakhale moto uli wozima, pali chomwe chikudontha. Amisiri amayesa pomasula cholumikizira cha union chomwe chili pakati pa feeder ndi boyila, atatseka valavu yakumbali ya boyila ndipo madzi ali pa mlingo woyenera. Madzi akamatuluka kuchokera ku feeder, valavu yake sikutseka bwino. Akamachokera kumbali ya boyila, onani valavu yolambalala ija, chifukwa kawirikawiri ndi imene imadontha. Ngati zonsezi zili zouma, ndipo boyila yanu ili ndi koyilo yotenthetsera madzi osamba m'kati mwake, ganizirani kuti koyiloyo yabooka.

Mudzaonanso kumbuyo kwa boyila paipi yobwezera madzi ikukwera kuchokera pansi n'kulowa m'paipi ina yoimirira, pafupifupi mainchi awiri pansi pa mzere wa madzi. Imeneyo ndi Hartford Loop, dzina lake lochokera ku kampani ya inshuwalansi ya boyila ya ku Hartford, m'boma la Connecticut. Imaletsa madzi onse a mu boyila kukhuthukira m'paipi yobwezera ikabooka. Imakugulirani nthawi, koma sizimitsa moto, ndipo madzi otsalawo amathabe powira.

Chomaliza, ntchito ya pachaka

M'chilimwe boyila itazizira, cutoff ya choyandama imasulidwe. Kutsuka kwa sabata kumachotsa matope ofewa okha, okanirira m'makona amafuna kupalidwa ndi dzanja. Gwedezani choyandama pafupi ndi khutu: mukamva madzi m'kati, chabooka, ndipo ngati chikulamulira feeder chidzasefukiza boyila. Tsegulani zotsekera za pa mapaipi olumikizira mutokose mpaka muone kuwala. Ikani gasiketi yatsopano, yakale isabwererepo. Tsukani kasefa ka feeder.

Probe itulutsidwe, ipukutidwe ndi nsalu, zokanirira zolimba zichotsedwe mosamala osaswa gawo loyera lomwe limalekanitsa kandodo ndi ulusi wake, kutanthauza mazinga omangira. Poibwezera, musakulunge ulusiwo ndi tepi ya Teflon. Magetsi amabwerera kudzera mu ulusi umenewo kupita ku thupi la boyila, ndipo tepi imatha kudula njirayo. Pakani phala lomatira mapaipi pang'ono, monga buku lake likunenera.

Pa boyila ya madzi otentha mulibe galasi, ndipo cutoff imaikidwa pamwamba pa mlingo wotsikitsitsa womwe fakitale imaloleza, pa boyila penipeni kapena pa paipi yotuluka, popanda valavu pakati pake ndi boyila. Valavu yochepetsa presha yomwe imadzaza madzi yokha si cutoff, ndipo siilowa m'malo mwake. Madzi a m'mipopi ya mzinda akatsekedwa kapena kasefa kake kakatsekeka, sithira kanthu.

Zipangizozi zili ndi zaka zake. McDonnell & Miller imalangiza kusintha cutoff ya choyandama ya presha yotsika pakatha zaka 10, ngakhale ikuoneka kuti ikugwirabe. Ngati palibe amene akudziwa chaka chomwe yanu inaikidwa, auzeni eni nyumba mwa kalata, osati pakamwa pokha, ndipo sungani kope lanu. Yatsopano ikaikidwa, lembani tsiku pa chivundikiro chake ndi penti. Mukamaliza kumanga chilichonse chomwe munamasula, dzazani boyila mpaka pa mzere, yatsani moto, bwerezani yesero lotsitsa madzi pang'onopang'ono, ndipo mutseke chitseko cha chipindacho pokhapokha mutaona moto ukuzima madzi akadali m'galasi.